Vuto si mtima wa phungu wokha

Alembi, mwanena kuti tikangosankha atsogoleri oopa Mulungu zinthu zisintha. Ine ndikukana pang'ono. James Buchanan, katswiri wa zachuma wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986, ankaphunzitsa kuti wandale ndi munthu ngati ife tomwe, amayang'ana kaye pomwe mimba yake ikhute. Ndiye chofunika ndi malamulo omumanga manja, osati kungodalira chifundo chake.

Kuno ku Mangochi timaziona ndi maso. Pitani ku doko m'mawa, mupeza tiana ta chambo tosakwana chala titayanikidwa pathandala, tokokedwa ndi neti ya udzudzu. Aliyense akudziwa kuti nyanja ya Malombe yatha nsomba chifukwa cha zimenezi. Koma ndani wofuna mavoti angaimirire n'kunena kuti makoka amenewa awotchedwe? Asodzi amavota chaka chino, pomwe chambo cha mawa chilibe voti. Zimandiwawa, ine ndakulira nsomba imeneyi.

Kumbukiraninso Gawo 64 la Malamulo aakulu, lomwe linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu eniake ndi amene analifufuta mu 1995. Libwerere limenelo, ndipo kusintha kwake kuzidutsa kwa ife pa riferendamu, osati m'manja mwa omwe likuwaluma.