Inu a maloja, kulira kwanu kwatikwana

Dzulo pamsika wa Ulongué ndapeza mwini loja (sitolo) wina akukuwa ngati pagwa maliro, ati makatoni a mafuta ophikira asowa. Lole inafika m'mawa kuchokera ku Tete, iye n'kusaina guia, chikalata cholandirira katundu, foni ili kukhutu, osakwerako n'komwe kukasuzumira pansi pa lona. Pano dalaivala ndi wakuba, ajudante ndi wakuba, mlonda ndi wakuba. Nanga anasaina kuti katundu wafika yense uja ndani?

Mpunga ndi mafuta enawa amachokera ku Beira, adutse Changara, awoloke Zambezi, agone pa Moatize dalaivala ali kukamwa kamodzi. Manja angati awakhudza panjira yonseyo? Inu n'kumangolandira osawerenga! Katoni ya sopo yomatidwanso ndi selotepi simukuiona? Thumba la shuga lakhwinyata pakona, mukuti linachoka choncho kufakitale? Sikelo muli nayo, koma mumangoyezera chimanga cha alimi.

Makiyi a chipinda cha katundu ali ndi mlamu, ali ndi mphwanu, ali ndi mwana wa achemwali amene anabwera kudzathandiza tchuthi chokha. Kope munasiya kulemba kalekale. "Tenga, tilemba mawa." Mawa lake liti? Makasitomala akulipira pa M-Pesa ndi e-Mola ya wantchito, inu muli phee pabawo. Mlonda miyezi ikutha osamulipira, ndiye mwamusiya usiku wonse ndi mpunga, ana ake akugona ndi njala. Mukuyembekeza chiyani, abale?

Katundu wina wosowayo sanabedwe n'komwe, mwawononga nokha. Ufa mwaunjika pasimenti popanda thabwa, mvula ya ku Angónia ino, makoswe akuberekerana momwemo. Watsopano mukuika kutsogolo, wakale n'kuthera masiku kumbuyo. Anzathu a mumzinda wa Tete nawo, Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, majarini ali pansi pa malata. Akasungunuka muti wakuba ndani?

Ndi inunso amayi ndi abambo ogula chigubu cha mafuta mumdima pamsewu wa ku Zóbuè, mtengo theka, musadzione ngati ochenjera. Mukudziwa bwino kumene chachokera. Mnyamata wakugulitsaniyo akakagona kupolisi mudzamutengera nsima? Sopo akakwera mtengo ndinu oyamba kutukwana boma.

Akuluakulu ndevu pepeya, kulephera kuwerenga makatoni. Manyazi mulibe?