Chikho cha kadeti wa chaka chinapita kwa munthu wolakwika

Loweruka lapitali ndinapita kukaonerera perete wotsekera chaka wa makadeti a kusekondale komwe amaphunzira mwana wa mchemwali wanga. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa nkhani yanga si ya sukulu imodzi. Anyamata ndi atsikana anaguba mokoma zedi, jombo zili waliwali, ng'oma ikugunda, mlendo wolemekezeka akuyendera mizere, ife makolo tili kalikiliki kujambula ndi mafoni. Kenako inakwana nthawi yomwe aliyense amadikira, yopereka zikho ndi mamendulo. Apa mpamene mtima wanga unayamba kukana.

Kwa amene simukuwadziwa, makadeti a pasukulu si asilikali. Ndi ana a sukulu, ambiri a zaka zapakati pa 12 ndi 18, omwe amakumana akaweruka, kawirikawiri kamodzi pa sabata, n'kumaphunzira kuguba, kuwerenga mapu ndi kampasi, chithandizo choyamba, kugona m'tchire, ndipo kwina amawomberanso chandamale akuluakulu akuyang'anira. Sapita kunkhondo, ndipo akamaliza sukulu palibe chowakakamiza kulowa usilikali. Mwambowu ndi wakale. Ku Britain unayamba cha m'ma 1860 m'sukulu ngati Eton ndi Harrow, ndipo mu 1948 magulu a m'sukuluwo anawaphatikiza n'kupanga Combined Cadet Force. Chaka chomwecho India inakhazikitsa National Cadet Corps, pomwe ku America gulu la makadeti a m'sukulu lotchedwa JROTC linabwera ndi lamulo la mu 1916. Kulikonseko mukawafunsa eni ake cholinga chawo lero, amakuuzani kuti akuumba mwana wodziletsa, wotha kutsogolera anzake. Chabwino. Ndiye mphotho yaikulu pa chaka iyenera kuyeza zomwezo, si choncho?

Mphotho zinali mbwee. Katswiri wowombera, woguba bwino, wovala mwaukhondo, kadeti watsopano wopambana anzake, amene sanajombeko chaka chonse, kenako chikho chachikulu cha kadeti wa chaka. Mnyamata mmodzi anatenga zinayi, kuphatikizapo chachikulucho. Ndilibe naye chifukwa mwanayo. Ndi wamtali, wowongoka, mawu ake ngati bingu, ndipo saluti yake ngakhale ine ndinafuna kuimirira. Koma pomwe ankabwerera kachinayi ndinayang'ana anzake. Anawomba m'manja chifukwa anauzidwa kutero. Ndiye anaitana kamtsikana kena kofupika, ka mizere iwiri pamkono, kukalandira satifiketi yakuti sikanajombeko. Abale inu, ana atsopano onse a kumapeto kwa mzere anaiwala kuti ali pa perete. Ena mpaka anakuwa, sajeni n'kuwatembenukira ndi diso lofiira.

Pobwerera ndinamufunsa mwana wa mchemwali wangayo kuti kodi uja ndi ndani. Anati, “Malume, uja ndi kopolo wathu.” Basi nkhani zinangoyamba kutuluka zokha. Ku msasa wa pachaka kunagwa chimvula usiku, tenti yawo n'kugwa. Kopoloyo ndi amene anadzuka kukhomanso zikhomo mumdima. M'mawa uliwonse asananyamuke ankawavulitsa jombo mmodzimmodzi kuyang'ana matuza kumapazi, ndipo anawaphunzitsa kusunga masokosi ouma m'kapepala ka pulasitiki pansi pa chikwama. Tsiku loyenda ndi mapu, mnyamata wina atalefuka pa chitunda, iye anagawa katundu wake kwa onse, naye n'kutenga gawo lolemera, kuti kagulu kafike pamodzi. Anafika mochedwa, malikisi anataya. Koma kagulu kake kanayamba chaka ndi ana asanu ndi anayi n'kumaliza ndi asanu ndi anayi omwewo, pomwe timagulu tina ana ankangothawa mmodzimmodzi.

Munthu wotereyu anapita kwawo ndi kapepala koti sanajombe.

Vuto ndikuliona apa. Timapereka mphotho pa zinthu zosavuta kuwerenga ndi zosavuta kuona. Kuwombera n'kosavuta kuweruza, mumangowerenga mabowo pa chandamale. Kuguba mumakuona m'mphindi khumi zokha. Za yunifomu ndiye ndisanene zambiri, chifukwa tonse tikudziwa kuti nthawi zina amene amayenera kulandira mendulo imeneyo ndi mayi amene anachezera usiku ndi simbi, kapena bambo amene anakwanitsa kugula jombo ziwiri, zina za m'matope, zina za perete zokha. Chikomekome cha mkuyu. Koma utsogoleri umachitika nthawi imene aphunzitsi ali mtulo m'tenti yawo, kapena kuseri kwa chitunda kumene kulibe wogwira cholembera. Ndiye pofika tsiku losankha, akuluakulu amakhala pansi n'kufunsana kuti tikukumbukira ndani? Amakumbukira amene anali patsogolo, wa mawu aakulu, amene anatenga kale zikho zitatu. Chachinayi chimangomutsatira ngati mthunzi.

Sindikunena kuti katswiri wowombera alandidwe chake, ayi. Wawombera bwino, mpatseni. Sindili m'gulu la anthu ofuna kuti mwana aliyense azipita kwawo ndi mendulo kuopa kuti angalire. Ana sapusitsika, mendulo yopatsidwa aliyense amaiponya m'kabati tsiku lomwelo. Chomwe ndikukana n'chakuti chikho cha kadeti wa chaka chikhale chiphatikizo cha zikho zinazo. Chimenechi chili ndi funso lakelake.

Ngakhale ku Sandhurst, komwe amaphunzitsa akuluakulu a asilikali enieni a ku Britain, zinthu ziwirizi anazilekanitsa. Pa perete womaliza pamakhala mendulo ya mfumu, yomwe imapita kwa amene wapeza malikisi ochuluka pa maphunziro onse, ndiye pamakhalanso lupanga laulemu, lomwe limapita kwa amene mkulu wa sukuluyo wamuona kuti ndiye wapambana onse. Zimatheka munthu mmodzi kutenga zonse, koma kawirikawiri amakhala anthu awiri. Ngati akuluakulu amene ntchito yawo ndi imeneyi anaona kuti malikisi okha sanena zonse, nanga ife ndi ana a zaka 15?

Ine ndikanakhala woweruza, kopolo kapena sajeni ndikanamuyeza poyang'ana ana ake. Anayamba angati, atsala angati? Ndi angati akhoza mayeso a mapu ndi a chithandizo choyamba? Nanga uja wofookesetsa, amene mwezi woyamba ankasokoneza mwendo wamanzere ndi wamanja, pano ali pati? Zimenezi zimawerengeka ndithu, kungoti zimafuna munthu wosunga kaundula chaka chonse, osati kudzidzimuka kutatsala sabata ziwiri. Ngakhale pa kuwombera komweko pali chitsanzo chabwino. Mpikisano wa sukulu za ku Britain wolimbirana chishango cha Ashburton Shield, womwe unayamba mu 1861 ndipo masiku ano umachitikira ku Bisley, ndi wa timu ya anthu asanu ndi atatu, malikisi awo amawaphatikiza. Kumeneko katswiri sangapambane yekha. Akafuna chishango, ayenera kugona pansi pambali pa mnzake wophonyaphonya uja n'kumuonetsa kapumidwe ndi kakokedwe kake.

Chinanso, afunseni ana. Osati kuti avote poyera ndi kukweza manja, zimenezo zimasanduka mpikisano wa amene ali ndi anzake ambiri. Apatseni ana atsopano kapepala, aliyense payekha, funso likhale limodzi: utasochera usiku m'tchire, mvula ikugwa, ungafune kukhala ndi ndani mwa akuluakulu ako? Osafunsa kuti umakonda ndani. Mudzadabwa kuti dzina limodzi lidzatuluka kangati. Ndikudziwa ena munena kuti mwa asilikali savota, wamkulu akanena wanena. N'zoona, ndipo sindikuti mapepalawo ndiwo agamule. Wamkulu wa gulu agamulebe, koma agamule atamva zomwe maso ake sakanatha kuona. Njira imeneyi imaululanso chinthu china chomwe sitikonda kuchikamba: pali ma sajeni ena aang'onoang'ono omwe pamaso pa aphunzitsi ndi angelo, koma kuseri amazunza ana atsopano, kuwalalatira ndi kuwapukutitsa jombo zawo. Mwana wotere mukamupatsa chikho pamaso pa makolo onse, ana aja aphunzira phunziro lomwe simunafune kuwaphunzitsa, ndipo sadzaliiwala.

Komanso muyezo wa mphotho uzinenedwa chaka chikamayamba, ulembedwe, umatidwe pakhoma. Zikatero, ngakhale chikho chitapita kwa mwana wa mphunzitsi, palibe amene anganong'one pobwerera.

Ndisaiwale, inu alendo olemekezeka. Ana amakhala ataima chilili padzuwa kuyambira musanafike. Mukatenga maikolofoni n'kuyamba mbiri yanu kuchokera pomwe munabadwa, magazi amatsikira kumiyendo kwa anawo, mutu n'kuyamba kuzungulira. Loweruka lija anagwa awiri, mmodzi anagwa chafufumimba. Mu kagulu ka kopolo uja simunagwe aliyense, ndipo nditafunsa chifukwa, mwana wa mchemwali wangayo anaseka. Akuti anawauza kuti adye kaye m'mawa, amwe madzi, asaumitse mawondo, ndipo azigwedeza zala mkati mwa jombo pomwe palibe akuona. Ndiye nthawi yonse yomwe bwana ankalankhula, ana asanu ndi anayi anali ndii ngati mitengo, zala zikuvina mkati.

Mtsikanayo akumaliza sukulu chaka chino, sadzakhalaponso pa perete wina. Mwana wa mchemwali wangayo wakwezedwa, wapatsidwa mzere wake woyamba pamkono, ndipo chaka chamawa adzathandizira kuyang'anira kagulu ka ana atsopano. Ndinamufunsa kuti ndimugulire chiyani pomuyamikira, ine m'mutu ndikuganiza za polishi kapena tochi. Anandiuza kuti ndimugulire masokosi, mapeyala anayi. Ndinati anayi onsewo ndi a chiyani, miyendo uli nayo iwiri yokha? Akuti awiri ndi ake, awiriwo ndi a mwana amene adzaiwale ake ku msasa, chifukwa nthawi zonse pamakhala mmodzi woiwala, ndipo chaka chino anali iyeyo.