Lupanga la mphatso musalikweche

Nkhani yanu yokhudza malupanga akale a mphatso ndaikonda, koma pamene mwalemba kuti lupanga lakale likhale lonyezimira lisanagulitsidwe, apo pokha ndikukana. Malupanga ambiri amene ankapatsidwa kwa akuluakulu a asilikali apakavalo a ku Britain m'nthawi ya nkhondo za Napoleon anali ndi mtundu wabuluu ndi golide pachitsulo chake. Mtundu umenewu ndi wopyapyala kwambiri, ndipo mukaukwecha ndi mankhwala opukutira umachoka osabwereranso. Mtengo wa lupangalo umagwa pomwepo. Mafuta pang'ono ndi nsalu yofewa zimakwanira, komanso musaligwire ndi manja a thukuta chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo.

Chimene chimandikoka mtima ndi lupanga lopindika la mtundu wa 1796, limene John Le Marchant, mkulu wa asilikali apakavalo a ku Britain, anakonza pamodzi ndi Henry Osborn wa ku Birmingham. Le Marchant mwiniwake anafera pankhondo ya ku Salamanca, ku Spain, mu 1812 akutsogolera asilikali ake apakavalo.

Koma chenjerani ndi mawu ozokotedwa. Pali anthu amene amatenga lupanga wamba n'kulembapo dzina la msilikali wotchuka kuti akweze mtengo. Dzinalo, udindo wake ndi gulu lake zifufuzeni mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain, ndi m'mabuku a Army List, amene ali ndi mayina a akuluakulu a asilikali. Ngati lupangalo ndi la Wilkinson, kampani yopanga malupanga ya ku London, onani nambala imene ili pamsana pa chitsulo, chifukwa kuyambira m'zaka za m'ma 1850 kampaniyo inkalemba manambala amenewa m'kaundula wake, nthawi zambiri pamodzi ndi dzina la wogula.