Galimoto yoima pakona imaphetsa anthu

Loweruka lapitali ndinali ku Limbe ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 7, tikuchokera kogula nsapato za kusukulu. Pamphambano ina kufupi ndi msika tinapeza lole itaima pakona penipeni, anyamata akutsitsa matumba, kumbuyo kwake kuli minibasi ikudikira anthu. Kuti uone ngati kukubwera galimoto umayenera kulowa kaye mumsewu n'kusuzumira. Dzanja ndinali nditamugwira, koma mwana ndi mwana, anatsogoza phazi. Njinga yamoto ya kabaza inadutsa n'kukhudza diresi yake. Wakabazayo sankathamanga mopenga ayi. Iye sanatione, ifenso sitinamuone. Mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Mayi wina wogulitsa nthochi pambalipo anati, "Pepani achimwene, tsoka silinunkha." Ndinawathokoza, koma mumtima ndinakana. Tsoka ili limanunkha. Limanunkha tsiku lililonse pamakona a ku Limbe, pa Haile Selassie, pa Victoria Avenue, paliponse pamene galimoto imaloledwa kuima mpaka pakamwa pa mphambano kapena pamizere yowolokera anthu.

Tikamakamba za ngozi timathamangira kunena za liwiro ndi mowa, ndipo n'zoona. Koma taganizirani izi. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Dalaivala amene ali maso, wosaledzera, wosagwira foni, amatha sekondi kapena kuposerapo asanaponde n'komwe buleki, ndipo akaponda galimoto siima pomwepo. Tsono munthu akatulukira kuseri kwa lole pa mtunda wa mamita asanu, dalaivalayo achita chiyani? Mwana wa zaka 7 mutu wake sufika ngakhale pawindo la minibasi. Amene waika mwanayo pangozi ndi uja waimika lole n'kukalowa m'sitolo, koma ngozi ikachitika dzina lake silitchulidwa. Amangoliza injini n'kumapita.

Ndikudziwa zimene eni masitolo anene, chifukwa ena ndi anzanga. Akuti kasitomala akasowa poimika galimoto amapitirira n'kukagula kwina, komanso katundu sangatsitsidwire kutali. Sindikutsutsa. Ine sindikunena kuti galimoto zichoke m'mbali mwa misewu yonse. Ndikunena malo a galimoto imodzi kapena ziwiri pakona iliyonse ndi mbali zonse za powolokera anthu, basi. Msewu wonsewo utsale momwe uliri. Lole zitha kutsitsa katundu m'mamawa anthu asanachuluke, kapena kuima chapatsogolo pang'ono, anyamata n'kugwiritsa ntchito wilibala monga amachitira kale mumsika.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malo oimika galimoto m'tauni ndi ndalama. Ukaimika, wodula lisiti amabwera, ndipo palibe cholakwika, khonsolo imafunika ndalama zogwirira ntchito. Koma malo aliwonse akasanduka ndalama, ndani adzafune kuchotsa aja apakona? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Akuluakulu akhonsolo, ndikupempha mwaulemu, tayani ndalama ya malo ochepawo. Ndipo musangopaka penti yachikasu, chifukwa penti imafufutika ndi mvula imodzi ya Januwale ndipo minibasi siiopa. Ikani zipilala za simenti kapena kwezani m'mphepete mwa msewu kuti tayala lisakwere. Chipilala sichipita kunkhomaliro, sichiweruka 5 koloko, ndipo palibe amene angachipatse ya fanta.

Tsono za maloboti. Nthawi zonse pakachitika ngozi pamphambano timafuula kuti aikepo maloboti, ngati kuti akangoima nkhani yatha. Ine maloboti ndimawafuna, koma ambiri amaikidwa poganizira galimoto zokha. Woyenda pansi amangoba mpata. Kukayaka kobiriwira mbali iyi, mbali inayo akukhota; kukafiira uku, uko ayamba. Nanga iye awoloke liti? Munthu wamphamvu zake amayenda mita imodzi ndi pang'ono pa sekondi, ndiye msewu wa mizere inayi ngati Masauko Chipembere Highway umamutengera masekondi oposa 10. Tsono taganizirani agogo amene akuchokera kuchipatala cha Queens atagwira ndodo, kapena mayi wobereka mwana kumsana, dengu lili pamutu. Loboti imene siipereka nthawi yawoyawo kwa anthu amenewa, galimoto zonse zitaima, yangothandiza theka la anthu a pamsewupo. Mwinanso osakwana theka, poti mu Blantyre oyenda pansi ndife ambiri.

Ndiye pali ija nkhani ya magetsi akazima. Loboti yakufa ndi yoopsa kuposa pamene palibe loboti, chifukwa aliyense amaganiza kuti mwayi ndi wake, wamkulu galimoto ndiye amadutsa. Dzuwa tili nalo lokwanira, nyale za sola tikuziona m'misewu ina, palibe chifukwa chogulira maloboti opanda sola ndi batire. Ndipo pogulapo pakhale ndalama yokonzera, osati babu likapsa tidikire miyezi. Apolisi apamsewu amayesetsa kuimirira pakati pa mphambano dzuwa likuswa mtengo, ndimawalemekeza, koma sangakhale paliponse.

Pali chinanso chimene sitikonda kuvomereza ife amene timagwira chiwongolero nthawi zina. Loboti ikayaka yachikasu timawonjezera moto m'malo mochepetsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwayi woti munthu woyenda pansi afe akagundidwa umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Kuthamangira yachikasu n'komweko kumene kumatifikitsa pa 65. Tikaphatikiza ndi galimoto yoima pakona imene yabisa munthu, maliro tawakonza tokha.

Zimandipweteka kuti zosankha ngati izi zimapangidwa anthu oyenda pansi asanafunsidwe. Makhansala tinawasankha ndife. Asanavomereze pomwe pakhale malo oimika galimoto kapena loboti yatsopano, abwere adzaime pakonapo 7 koloko m'mawa ana akupita kusukulu, awoloke okha kawiri katatu, kenako afunse amayi ogulitsa pambalipo, chifukwa iwo ndi amene amaona zonse ndipo ndi amene amayamba kuthamangira wogundidwa.

Mwana uja nsapato zake zinamukwana, Lolemba anavala. Achemwali anandiuza kuti akafika pamsewu akumakana kuwoloka mpaka wamkulu amunyamule. Dzulo ndinadutsanso pakona paja, ndinapeza payima lole ina.