Si singano ya pamsana imene ikupha abale athu

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'mawodi a zipatala zathu: "Tiyambe tafunsa amalume." Adokotala apempha kuti achotse madzi a pamsana a wodwala, gadiyani watuluka ndi foni kukhonde, kumudzi ayankha kuti asayerekeze dala, uje anachotsedwa madzi amenewo chaka chatha ndipo sanadzukenso. Wodwala ali pabedi akubuula ndi mutu, pepala losainira lili pomwepo osakhudzidwa. Mwa zinthu zonse zimene timachita poganiza kuti tikuteteza odwala athu, ine ndikuona kuti ichi ndiye chikutiphetsa anthu amene akanachira.

Matenda ndikunenawa madokotala amawatcha cryptococcal meningitis, ena amangodula kuti crypto. Ndi mtundu wa matenda oumitsa khosi, koma choyambitsa chake ndi fangasi yotchedwa Cryptococcus, ya m'gulu la yisiti. Imapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Timaipumira m'mapapo limodzi ndi fumbi, ndipo ambirife tinaipuma kalekale, thupi n'kuigonjetsa ife osadziwa. Sitipatsirana ayi, wodwala mutha kudya naye mbale imodzi. Vuto limabwera chitetezo cha m'thupi chikatsikiratu, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV, CD4 yake (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) ikafika pansi pa 100. Pamenepo fangasi ija imalowa m'magazi n'kukamanga msasa mu nembanemba zokuta ubongo. Akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha anthu pafupifupi 152,000 padziko lonse anadwala matendawa, ndipo 112,000 anamwalira, ambiri mwa iwo kuno ku Africa. Pa maliro asanu alionse obwera chifukwa cha Edzi, amodzi ndi a matenda amenewa. Koma funsani pamsika kuti ndani anawamvapo, mupeza ochepa.

Kuipa kwake amabwera mozemba. Mutu umayamba ngati wamasewera, sabata yatha, ziwiri, panado osaphula kanthu. Akayezetsa malungo, mulibe. Kenako kusanza, kuwala kumamulasa m'maso, akuona zinthu ziwiriziwiri, wayamba kuiwalaiwala ndi kuyankhula zosamveka mutu wake. Khosi silichita kuuma nthawi zonse, choncho musadikire chizindikiro chimenecho. Apa ndi pamene banja limagawikana: ena akuti walodzedwa, ena akuti ndi misala, ena athamanga naye kumapemphero. Akamafika kuchipatala amakhala atanyamulidwa, sakuzindikiranso mkazi wake.

Ndiye tamverani mmene mbiri yoipa ya singano ija imabadwira. Munthu wafika atatheratu, adokotala achotsa madzi Lachiwiri, Lachinayi wamwalira. Pamaliro nkhani imakhala imodzi: anali bwinobwino, atangomubaya pamsana basi zinathera pomwepo. Palibe amene amawerenga masabata atatu amene anagona kunyumba akumwa panado ndi zitsamba. Ndipo amene anachotsedwa madzi n'kuchira sayenda ndi chikwangwani, ambiri safuna n'komwe kuti anthu adziwe chimene anadwala. Zimene zimamveka m'mudzi ndi za omwalira okhaokha.

Chimene chimachitika m'mutu mwa wodwalayo ndi ichi. Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimayandama m'madzi oyera mbee, pafupifupi mamililita 150. Thupi limapanga madzi atsopano okwana pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, akalewo n'kumabwerera m'magazi. Fangasi ija imatseka tinjira totulukira madziwo, ngati mmene zinyalala zimatsekera ngalande m'dzinja. Madzi akupangidwabe koma potulukira palibe, chigaza nacho sichifutukuka. Mutu woopsa uja, kusanza kuja, maso kuchita khungu, makutu kugontha, zonsezo ndi kupanikizika kwa madziwo. Mapiritsi a mutu sangawachepetse. Njira yake ndi kuwatulutsa.

Amene munaonererapo mukudziwa kuti si opaleshoni. Wodwala amagona chammbali, mawondo atawakokera pachifuwa, msana utapindika. Adokotala amapukuta kumunsi kwa msana, cha m'chiuno, n'kulowetsa singano yowonda pakati pa mafupa awiri, pansi pa pamene mtsempha waukulu uja umathera. Madzi amadontha okha m'kabotolo, dontho ndi dontho, ndipo akapanikizika kwambiri amachita kuthamanga. Amachotsa mamililita 20 kapena 30, amene thupi limabwezeretsa maola ochepa. Odwala ambiri amanena okha kuti mutu wapepuka asanadzuke n'komwe pabedipo, ndipo ena mawa lake amachita kupempha kuti awachotsenso. Inde, nthawi zambiri pamafunika kubwereza kangapo, ndiye musadabwe kapena kuganiza kuti poyamba analakwitsa. Pa kafukufuku amene anachitika ku Uganda ndi ku South Africa, mwa odwala amene anachotsedwanso madzi kuti mutu upepuke, 7 pa 100 alionse anamwalira m'masiku 11 oyambirira, pamene mwa amene sanachotsedwenso anamwalira 18 pa 100.

Koma ndisangodzudzula magadiyani okha. Nawonso a chipatala ali ndi mbali yawo. Munthu wachokera kumudzi, sanagone masiku angapo, ndiye wina wovala zoyera angomuuza ali chiimire kuti "mayi, sainani apa tichotse madzi a pamsana", osafotokoza kuti madziwo ndi a chiyani, achotsa ochuluka bwanji, akapanda kuchotsa chichitike n'chiyani. Mayiyo akakana, m'faelo amangolemba kuti abale akana, nkhani yatha. Ndikudziwa kuti dokotala mmodzi amakhala ndi wodi yodzaza mpaka pansi, koma mphindi zisanu zokhala pansi n'kulankhula Chichewa chomveka zitha kusintha yankho. Mwinanso ayankhule okha ndi amalumewo pafoni. Munthu amene anachira matendawa akanamayenda m'mawodi kucheza ndi magadiyani, akanamveka kuposa dokotala aliyense.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mankhwala abwino a matendawa anayesedwa konkuno, pa abale athu omwe. Kale odwala ambiri kuno ankangopatsidwa fluconazole yekha, ndipo oposa theka ankamwalira pasanathe miyezi itatu. Kafukufuku wa ACTA, amene anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon n'kutuluka mu 2018, anaonetsa kuti kuwonjezera flucytosine kumapulumutsa anthu ambiri. Kenako kunabwera wa AMBITION, ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndipo kwathu kuno anachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Anapeza kuti diripu imodzi yokha ya liposomal amphotericin B, kutsatana ndi masiku 14 a mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole, imagwira ntchito mofanana ndi madiripu a sabata yathunthu, komanso siwononga kwambiri impso ndi magazi. Mu 2022 bungwe la WHO linatenga njira imeneyi kukhala yoyamba padziko lonse. Komabe tisanamizane: ngakhale pa kafukufukuyo, pamene odwala ankasamalidwa bwino kwambiri, munthu mmodzi mwa anayi alionse anamwalira pasanathe masabata 10. Matendawa ndi oopsa ndithu. N'chifukwa chake tsiku lililonse lodikira yankho la kumudzi limadula.

Chinanso chimene chimakwiyitsa abale ndi kuona kuti wodwala wapezeka ndi HIV koma adokotala sakumuyambitsa ma ARV. Si ulesi ayi. Pa matenda awa amadikira dala masabata 4 mpaka 6, chifukwa chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi fangasi idakali yambiri muubongo, nkhondo yake imatupitsa ubongowo ndipo munthu atha kufa nazo. Musamugulire mankhwala kumbali kapena kumugawira anu.

Ma ARV aulere anayamba ku Malawi mu 2004, ndipo munthu angaganize kuti matenda ngati awa anayenera kutha. Sanathe, chifukwa ambiri amene akudwala masiku ano si oti sankadziwa za magazi awo. Ndi anthu amene anayamba mankhwala n'kusiya. Wina anapita ku Joni, botolo linatha, mapepala alibe, akuopa kupita kukiliniki. Wina anakwatiwa kwatsopano ndipo akubisira bambo a kunyumba. Wina anauzidwa kuti wachiritsidwa, ataye mabotolo. Sindikuwaweruza, moyo ndi wovuta, koma CD4 imatsika mwakachetechete munthu akuoneka wonenepa.

Ngati munasiya mankhwala ndipo mukubwerera, kapena mwangopezeka kumene ndi kachilombo muli kale wofooka, pemphani kuti akuyezeni CD4. Ikapezeka pansi pa 200, funsani za kuyeza kwa CrAg. Ndi kakachipangizo kofanana ndi koyezera malungo, amatenga magazi pang'ono, zotsatira n'kutuluka pa mphindi 10, ndipo kamaiona fangasiyo masabata angapo mutu usanayambe. Ikapezeka, adzakupemphaninso madzi a pamsana kuti aone ngati yafika kale kuubongo. Ngati sinafike, fluconazole wakumwa kunyumba nthawi zambiri amakwanira kuitsekereza. Amene wachira crypto naye amapitiriza fluconazole kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, mpaka chitetezo chikwere, chifukwa akasiyira panjira matenda amabwerera.

Ndipo inu amene muli pa mankhwala, uzani mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mchemwali wanu lero, mutu udakali bwino, kuti mukadzadwala mpaka osatha kuyankha nokha, adokotala akadzapempha madzi a pamsana iwo adzasaine pomwepo. Amalume adzauzidwa pambuyo.