Mukamadzutsa VW Beetle yakale, penti ikhale yomalizira

Maganizo anga pa zodzutsa galimoto zakale pakhomo ndi akuti ambiri amayambira kumchira. Munthu wakoka Beetle imene yakhala zaka khumi pansi pa mtengo wa mango, sabata yomweyo wagula kale penti ndi fila, mwezi usanathe zithunzi zili pa Facebook. Likangodutsa dzinja limodzi, matuza ayamba kutuluka m'munsi mwa zitseko, chitseko chikukhula potseka, ndipo ndalama zokonzera mabuleki zinathera kwa wopopera penti. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake: mapepala, dzimbiri, mabuleki ndi njira ya petulo, injini, kenako penti.

Mapepala sindichedwapo. Tukulani mpando wakumbuyo, pamsana wa chasisi pakati pomwepo pali nambala yodindidwa pachitsulo. Ifanane ndi ya mu blue book. Ngati sizikugwirizana, kapena mwini wake akuti bukulo lili ndi achimwene kumudzi, musagule ngakhale bawuti limodzi mpaka nkhaniyo ithe ku Road Traffic. Nambala yomweyo ndi imene imakuuzani chaka chenicheni cha galimotoyo, ndipo zimenezi n'zofunika pogula zipangizo. Ma Beetle anapangidwa ku Germany, ku Brazil, ku Mexico mpaka 2003, komanso ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979. A ku South Africa amenewa nthawi zina ankaphatikiza zida zomwe ku Germany zinali za zaka zosiyana, choncho chitsulo chakale musataye musanachiyerekeze ndi chatsopano.

Dzimbiri ndiye mwini nkhani. Beetle ndi zigawo ziwiri: bodi pamwamba, pansi chasisi yokhala ndi msana pakati ndi malata awiri opondapo, ndipo ziwirizi zimamangidwa ndi mabawuti. Tengani sikuludiraiva, mubaye pansi pa batire kuseri kwa mpando wa dalaivala, chifukwa asidi amayamba kudya pamenepo. Mubayenso pomwe pamakhala tayala la sipeya, m'makona a mawindo, ndi pamene pamangiriridwa ma mudguard. Koma malo amene amagamula ngati galimotoyo ndi yodzutsika pakhomo ndi ma heater channel, timakwalala tachitsulo todutsa m'munsi mwa zitseko. Timeneti timanyamula mpweya wotentha kuchokera ku injini, inde, koma ntchito yake yaikulu n'kugwira bodi yonse. Tikawola, chitseko chimagwa mphuno. Malata opondapo okha akabooka si nkhani yoopsa, amagulitsidwa opinda kale. Ma heater channel ndi ntchito ya mmisiri wodziwa.

Cholakwika chimene chimapha bodi zambiri n'kudula chitsulo chowolacho musanachirikize pakhomo pa chitseko. Wotchererani kaye zitsulo ziwiri zopingasa mkati mwa khomolo chitseko chikadali chotseka bwino, ndipo muzidula mbali imodzi, kumaliza, kenako inayo. Mukadula zonse nthawi imodzi bodi imapotoka ndipo zitseko sizidzakhalanso bwino.

Lata la bodi ndi lopyapyala, silifika ngakhale milimita imodzi m'malo ambiri. Makina owotcherera a ndodo amene amapangira mageti ndi mabagalabazi amangoliboola. Pamafunika a MIG, owotcherera ndi waya wopyapyala, ndipo kawotchereredwe kake ndi kodontheza: kadontho apa, kadontho patali, kudikira pazizire, mpaka mzere utsekeke. Kukoka mzere wautali kamodzi kumapinda lata ngati chitini cha pamoto. Mukamaliza, palani mpaka chitsulo chiyere mupake epoxy primer, penti yoyambira yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo, makamaka nyengo ya mvula pamene chitsulo chosapaka chimafiira usiku umodzi. Fila ndi wosalazira, asapitirire mamilimita atatu. Kutseka bowo ndi fila, pena ndi nyuzipepala kumbuyo kwake, n'kubisa bala osalitsuka. Pogula galimoto yendetsani maginito m'mbali mwake. Pomwe sagwira pali fila wochindikala.

Tsopano mabuleki. Galimoto yokhalitsa musaiyese kuti "mwina akugwirabe". Mapaipi anayi a labala opita kumatayala amatupa mkati pomwe kunja akuoneka abwinobwino. Mafuta amapita mukaponda koma sabwerera, buleki imagwirira, dramu imatentha. Sinthani onse anayi, pamodzi ndi ma wheel cylinder ndi master cylinder, mutsuke mapaipi achitsulo, muthire brake fluid watsopano. Paipi yachitsulo yodutsa mkati pafupi ndi mapedulo imakonda kuwola pansi pa kapeti ponyowa, iyang'aneni ndi tochi. Nati yaikulu ya dramu yakumbuyo ndi ya sipanala ya mamilimita 36, imamangidwa mwamphamvu ya pafupifupi 300 Nm n'kutsekedwa ndi pini yatsopano. Ikakhala yolobodoka imadya mano a dramu. Ndipo polowa pansi pa galimoto musadalire jeke kapena njerwa zosanjikiza, ikani ma stand achitsulo pamalo olimba.

Ma Beetle ambiri amene anapsa anapsa chifukwa cha kapaipi ka petulo kotsika mtengo kwambiri pagalimoto yonse. Kabuleta ili pamwamba pa distributor, ndiye petulo akangodontha amagwera pomwe pali moto. Kuno ku Malawi pali chifukwa chowonjezera: petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'ambula labala wakale. Gulani paipi yolembedwa kuti imapirira ethanol, ya bowo la mamilimita 5.5 kapena loyandikira kwambiri, mumange ndi makilampu mbali zonse. Gwedezani kachitsulo kamkuwa kolowetsa petulo mu kabuleta. Kamangokhomeredwa, ndipo kakakalamba kamazuka injini ikulira. Ndicho chifukwa chake sefa ya petulo siyenera kulendewera pakati pa pampu ndi kabuleta, kulemera kwake kumakoka kachitsuloko. Iikeni pansi pa thanki kapena pafupi ndi giyabokosi. Thankiyo ichotseni muitsuke, petulo wakale amasanduka phula lonunkha ngati vanishi. Moto wina umayambira pansi pa mpando wakumbuyo: munthu wonenepa akakhala, masipuling'i a mpando amagunda mutu wa batire. Kachivundikiro ka pulasitiki pamutupo n'kokwanira.

Injini musathamangire kuiliza. Chotsani mapulagi, thirani kasupuni ka oyilo m'silinda iliyonse, dikirani masiku awiri kapena atatu, ndiye muizungulitse ndi sipanala pa pule, kagudumu kozunguza lamba wa fani. Ikazungulira, gwirani pule ya pansiyo ndi manja awiri muikoke ndi kuikankha. Kusewera kololedwa ndi kochepa kwambiri, mamilimita 0.07 mpaka 0.13, malire 0.15. Ngati mukuona ndi maso ikuyenda n'kumveka kuti gu gu, bearing yadya kesi, chibokosi cha injini, ndipo injiniyo ikufuna kuphwasulidwa yonse, kusintha mapulagi sikuthandiza. Ubwino wake, injini ya Beetle imagwidwa ndi mabawuti ndi manati anayi okha ku giyabokosi, anthu awiri ndi jeke amaitsitsa masana amodzi.

Ngakhale ikuoneka yabwino, ine ndimati itsitseni ndithu, chifukwa cha makoswe. Injiniyi imazizira ndi mpweya, ilibe radiator, ndipo m'chibokosi cha fani ndi momwe makoswe amakonda kumanga zisa. Chisa chimodzi pamwamba pa masilinda chimatha kupsereza injini paulendo wosafika ngakhale ku Dedza kuchokera ku Lilongwe. Pa chifukwa chomwecho, timalata tonse tozungulira injini ndi labala wotseka m'mphepete mwake zibwerere m'malo. Amakaniko ena amatitaya akuti injini ipume bwino. N'zabodza zimenezo. Timalatato ndi timene timalekanitsa mpweya wozizira wa pamwamba ndi wotentha wa pansi, ndipo tikachoka fani imangomwa mpweya wake womwe wotentha. Lamba wa fani akhale watsopano, wina wa sipeya m'galimoto. Nyale ya generator ikayaka muli paulendo imani pomwepo, chifukwa lamba akaduka fani nayo yaima.

Manambala oti mulembe pakhoma la garaja ndi ochepa. Oyilo malita awiri ndi theka, kusintha pa makilomita 5,000 aliwonse, popeza injiniyi ilibe sefa yeniyeni koma kasefa ka waya pansi, komangidwa ndi tinati sikisi tomwe timaduka mukalimbitsa kwambiri. Mavalavu mpata wa mamilimita 0.15, injini itazizira usiku wonse. Ma point a mu distributor mpata wa mamilimita 0.4. Kuwomba kwa masilinda ndi 1-4-3-2. Pa mavalavupa ndi pomwe anthu amachita ulesi. Valavu yothina sikhala pampando wake nthawi yokwanira kuti itaye kutentha, imapsa, mutu wake n'kuduka kugwera pa pisitoni. Kawirikawiri imayamba ndi ya exhaust ya silinda yachitatu, makamaka pa injini za chisanafike 1971 zomwe oil cooler yake imatchinga mpweya wopita mbali imeneyo. Valavu yolira pang'ono kuti tsetsetse isakudetseni nkhawa, yoopsa ndi yachete.

Magetsi onani kaye ngati ndi a 6V kapena 12V, chifukwa zakale za chisanafike cha m'ma 1967 zambiri zinali za 6V ndipo batire la 12V limapsereza mababu ndi koyilo. Mavuto ambiri a magetsi pa Beetle ndi earth yadzimbiri, makamaka lamba wamkuwa wochokera ku giyabokosi kupita ku chasisi. Akaduka, magetsi a sitata amadzera pa waya wa kilatchi kapena wa pedulo ya moto mpaka kumutenthetsa.

Zonsezi zikatheka, yendani nayo galimotoyo ili ndi primer yokha, mawangamawanga choncho, kwa milungu ingapo. Aneba aseke. Nthawi imeneyi ndi yomwe mumaona pomwe pakudontha oyilo, chitseko chomwe chikufuna kusunthidwa, bowo lomwe munaiwala kuwotcherera, zonse zofuna moto kapena hamala zomwe zikanawononga penti yatsopano. Popopera sankhani nyengo youma koma yopanda mphepo ya fumbi, m'mawa, mutathira madzi pansi. Penti ya 2K, yosakaniza ndi mankhwala oumitsa, ili ndi mankhwala owononga mapapo, kansalu kapamphuno sikateteza, ndiye ngati mulibe chophimba kumaso choyenera chigawo chimenechi perekani kwa a garaja yopopera. Malabala a mawindo ndi zitseko muike atsopano penti itauma, chifukwa akale aja ndi amene ankalowetsa madzi omwe anawoletsa pansi.