Makina munagula, nanga mapu munakonza?

Galimoto yokankha chipale chofewa yagwera m'ngalande usiku, ndiye mabwana akuti dalaivala ndi wosasamala. Wosasamala ndani? Msewuwo anaukonzanso nthawi yotentha, pokhota anasuntha mizere, koma mapu a mukompyuta ya galimotoyo anali akalekale. Makina anamuonetsa msewu pamene panalibe msewu. Zimandinyansa!

Chipale chikamauluzika ndi mphepo, dalaivala saona ngakhale khasu lakutsogolo kwa galimoto yake. Ndi chifukwa chake ku University of Minnesota anapanga zipangizo zomuthandiza, zomwe zakhala zikugwira ntchito ku Thompson Pass pafupi ndi Valdez ku Alaska, malo amene m'nyengo yozizira ya 1952 mpaka 1953 kunagwa chipale choposa mamita 24. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, pomwe mbali imodzi ya msewu ndi mamita 3.6 okha. GPS ya m'galimotozi ndi ina: imalandira uthenga wowongolera kuchokera pa siteshoni yokhazikika pansi, ndiye imaphonya ndi masentimita ochepa chabe. Kompyuta imatenga malo agalimoto n'kuwafananiza ndi mapu, kenaka imajambula mizere ya msewu pagalasi lomwe lili patsogolo pa maso a dalaivala. Akapatukira kumanzere, mpando umanjenjemera mbali ya kumanzere. Akapatukira kumanja, chimodzimodzi.

Koma mapuwo sagwa kumwamba. Munthu amayendetsa galimoto pamsewu pouma, mizere ikuoneka, n'kujambula malo ake. Mukasuntha mzere ndi mita imodzi osajambulanso, GPS idzamuikabe dalaivala ndendende pamzere wakale, mosakayika n'komwe. Pamenepo kulondola kwake n'kumene kumapha. Mapu akale ndi bodza, ndipo bodza lojambulidwa bwino pagalasi munthu amalikhulupirira. Amati ndalama zinatha, kaya wojambula anasiya ntchito, izo n'zanu.

Walira mvula walira matope. Munafuna makina, asamalireni.

Radar yakutsogolo yoona magalimoto oima ikamatidwa ndi chipale chonyowa imafooka, ipukuteni galimoto isanatuluke. Uthenga wa siteshoni ija umadutsa pa wailesi kapena pa netiweki ya foni, ndipo m'zigwa umaduka, mapiri nawo amatchinga masetilaiti. Dalaivala aphunzitsidwe kuti chenjezo loti uthenga waduka likayaka, mizere ya pagalasi asaidalirenso, achepetse liwiro. Ku California, pa msewu wa I-80 kufupi ndi Donner Summit, anayesa njira ina, kukwirira maginito mu tara motalikirana mamita 1.2. Maginitowo sasamala za setilaiti, komabe mukapala tara n'kuthira watsopano muyenera kukwiriranso. Kulikonse ntchito yake ndi yomweyo, chimene makina akudziwa chifanane ndi msewu wa lero.

Ngakhale kachipangizo koyeza kuzizira kwa tara kakada ndi matope, kamanama. Mchere wamba umayamba kulephera kusungunula madzi oundana kukazizira kupyola madigiri 9 pansi pa ziro, ndiye kakanama mumangomwaza mchere pachabe, msewu uli woterera chomwecho. Mawa mudzanenanso kuti dalaivala sanamwaze bwino.

Konzani mapu musanaloze munthu chala. Msewu ukasintha, mapu asinthe chipale chisanayambe kugwa, osati galimoto itagona chagada.

Ndipo inu a magalimoto ang'onoang'ono, ku America kuja mumathamangira kupitirira galimoto yokankha chipale mbali ya kumanja, mukuganiza kuti mufumbi loyeralo muli chiyani? Muli khasu lina lachitsulo lotambasukira m'mbali, lotalika mamita pafupifupi 3. Iyo ikuyenda makilomita 50 pa ola chifukwa ikugwira ntchito, inu mwachedwa kuti? Nyali za LED zakumbuyo kwake sizitentha, chipale chimazikwirira osasungunuka, mwina simudzaziona n'komwe. Khalani kumbuyo!